Bampa ya Pulasitiki Ikapindika Kapena Kukalika: Zimene Mungakonze Nokha

Nkhani yophunzitsa yokambidwa kwa eni galimoto, madalaivala ndi achinyamata ophunzira ntchito zamanja ku Nkhunga, m'boma la Nkhotakota

 

Mukaima pa siteji ya Dwangwa n'kuyang'ana ma Sienta, ma Freed, ma Probox ndi ma Vitz amene akudikira anthu, mupeza kuti ndi ochepa okha amene bampa zawo zilibe chilema. Ina yalowa m'kati pakona, ina penti wapalika, ina yasokedwa ndi waya. Zifukwa zake mukuzidziwa bwino kuposa ine. Msewu wa M5 timagawana ndi akabaza, apansi, mbuzi, komanso malole ndi mathirakitala onyamula nzimbe kupita ku fakitale ya shuga imene yakhala ikugaya pa Dwangwa kuyambira 1979. Mukapatuka kulowera kumadoko a asodzi mumakumana ndi mchenga, zitsa ndi zigwembe. Madzi osefukira a kumayambiriro kwa 2024 anationjezeranso maenje ndi njira zolambalala. Galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan zimenezi n'zotsika, ndiye chimene chimayamba kugunda pansi kapena pachitsa ndi bampa.

Kugula ina si nkhani yapafupi. Zipangizo zambiri za galimotozi zimadutsa mtunda womwewo umene galimoto zimadutsa, kuchokera ku Japan, kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chilichonse chochokera kunja unakwera, ndipo kuti mupeze bampa yogwirizana ndi galimoto yanu nthawi zambiri mpaka mukafike ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Kwa dalaivala wa taxi, tsiku limene galimoto yagona ku galaji ndi tsiku limene kunyumba sikulowa ndalama. Choncho mfundo yanga lero ndi imodzi. Bampa ya galimoto za masiku ano ndi pulasitiki, ndipo pulasitiki ili ndi khalidwe lake losiyana ndi la chitsulo. Mukalidziwa khalidwe limeneli, zowonongeka zing'onozing'ono zambiri mudzazikonza nokha pakhomo, komanso mudzadziwa pamene dzanja lanu liyenera kulekezera kuti mmisiri apitirize.

Khalidwe la pulasitiki

Akuluakulu muno mukukumbukira ma Land Rover ndi ma Peugeot 404 akale aja. Bampa zake zinali zachitsulo, zikapindika mmisiri ankangotenga hamala n'kuwongola. Zinthu zinayamba kusintha cha m'ma 1970, ndipo Renault 5 ya ku France, imene inatuluka mu 1972, inali imodzi mwa galimoto zoyambirira kukhala ndi bampa zapulasitiki. Lero bampa zambiri amaziumba ndi pulasitiki yotchedwa polypropylene, mwachidule PP, imene katswiri wa ku Italy, Giulio Natta, anaipanga mu 1954. Chifukwa cha ntchito yake pa mapulasitiki, mu 1963 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Karl Ziegler wa ku Germany. Opanga galimoto amasakaniza PP ndi mphira kuti ikagundidwa izipindika m'malo mothyoka.

Pali zinthu zinayi zofunika kuzisunga m'mutu za pulasitiki imeneyi. Choyamba, ikatenthedwa imafewa, ndipo ikafewa imafuna kubwerera m'maonekedwe amene anaiumbira ku fakitale. Kuti isungunuke pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 160, pamene madzi owira sapitirira madigiri 100. N'chifukwa chake madzi a m'ketulo amaifewetsa koma osaiwononga. Chachiwiri, khungu lake ndi loterera mwachibadwa, moti guluu, fila kapena penti sizigwirapo pokhapokha mutayamba mwakonza malowo ndi mankhwala ake. Chachitatu, imagwedera ndi kupindika nthawi zonse galimoto ikamayenda, ndiye chilichonse chouma gwa chimene mwamatapo chimang'aluka pakapita nthawi. Chachinayi, sichita dzimbiri. Chitseko chachitsulo chikakalika mpaka kuonekera chitsulo, chinyontho cha kuno kunyanja chimayamba kuchidya mwamsanga, koma bampa yokalika ikhoza kudikira mpaka mutapeza ndalama ndi nyengo yabwino. Musalole munthu akuthamangitseni kupenta bampa ponena kuti iwola.

Kuti mutsimikize mtundu wa pulasitiki yanu, suzumirani kuseri kwa bampa. Mupeza zilembo zodindidwa m'pulasitiki momwemo, monga >PP< kapena >PP+EPDM<. Mukaona zimenezi, zonse zimene ndikamba lero zikugwira ntchito. Mukapeza >PUR<, dziwani kuti mtundu umenewo susungunuka, choncho sungawotchereredwe, umafuna guluu wake wapadera.

Musanagwire chilichonse

Ngati bampa yawonongeka chifukwa mwagundana ndi munthu, kaya wakabaza kaya wapansi, galimoto ibwere pambuyo. Thandizani munthuyo afike kuchipatala, ndipo nkhaniyo ikafike ku polisi ya Nkhunga monga lamulo likunenera. Ngati mukufuna kuti a inshulansi alipire, kapena pali wina amene wavomera kulipira, jambulani zithunzi ndi foni yanu ndipo musakonze kanthu mpaka iwo ataona. Mukawongola msanga, mwafufuta umboni wanu womwe. Inu madalaivala amene mumayendetsa galimoto za mabwana, auzeni eni ake tsiku lomwelo. Kukonza mobisa kumawononga chikhulupiriro chimene chatenga zaka kuti chimangike, pamene denti imatha ndi madzi otentha a m'ketulo.

Kenaka kumbukirani kuti chimene timachitcha bampa ndi chophimba chabe. Kuseri kwake kuli siponji yolimba, ndipo kuseri kwa siponjiyo kuli mtanda wachitsulo womangidwa ku thupi la galimoto. Mtanda umenewu ndi umene umalandira mphamvu ya ngozi. Pafupi pomwepo pali rediyeta, mawaya a magetsi, ndipo m'galimoto zina muli timasensa tothandiza poimika galimoto. Pulasitiki ikhoza kubwerera yokha n'kumaoneka yabwinobwino pamene chitsulo cha m'kati chapindika. Choncho tsegulani boneti, muone ngati ikutsekeka bwino. Yerekezani mpata wa pakati pa bampa ndi nyali kumanja ndi kumanzere. Yang'anani pansi ngati pakudontha madzi. Usiku walitsani pakhoma, muone ngati nyali zonse zikuloza mofanana. Mukapeza vuto pa chimodzi mwa zimenezi, ntchitoyo yakula, pitani nayo ku galaji. Mukaonanso mapulagi achikasu, dziwani kuti ndi a ma airbag, musawakoke kapena kuwathira madzi.

Zonse zikakhala bwino, tsukani bampa yonse ndi madzi ndi sopo wotsukira mbale, kunja ndi kuseri komwe. Fumbi limabisa zambiri, komanso limakulitsa zina. Ikauma, muona kuti vuto lanu lili m'gulu limodzi mwa magulu atatu: pulasitiki yalowa m'kati, pulasitiki yang'aluka, kapena penti wakalika. Nthawi zina zonse zitatu zimakumana pamalo amodzi. Zikatero, yambani kuwongola, kenaka lumikizani mng'alu, penti abwere komalizira.

Kuwongola denti

Denti imawongoledwa pokankha kuchokera kuseri, ndiye dzanja lanu liyenera kupeza njira yofikira kumeneko. Ngati ili pakona, kawirikawiri kungomasula kapulasitiki kakuda ka pamwamba pa tayala kumakwanira. Ngati dzanja silikufika, chotsani bampa yonse. Pa galimoto zambiri za ku Japan imagwidwa ndi mabawuti a sipanala namba 10 ndi timapini tapulasitiki. Kachipini kalikonse kali ndi mutu pakati, tukulani mutuwo kaye ndi sikuludiraiva yaphanthiphanthi, kenaka kachipiniko katuluka kosathyoka. Sungani zonse m'kachitini. Musanakoke bampa, masulani mapulagi a nyali za m'munsi, ndipo muiyale pamphasa kapena pakatoni kuti isakalike kwina.

Wiritsani madzi okwanira, ketulo ziwiri kapena zitatu, ndipo ndowa ya madzi ozizira ikhale pambali. Valani nsapato zotseka ndi magolovesi okhuthala, ana atalikire. Thirani madzi otenthawo pang'onopang'ono, osati pakatikati pa denti pokha ayi, koma kuzungulira m'mphepete mwake monse, chifukwa mphamvu imene yagwira pulasitikiyo ili m'mphepetemo, m'mene yapanga kamzere kotukuka. Mukamva kuti yafewa, kankhani kuchokera kuseri ndi chikhatho, kapena ndi mpini wa hamala wokulungidwa nsalu. Yambirani m'mbali kulowera pakati, modekha, osamenya. Denti yozungulira bwino imatha kutuluka kamodzin'kamodzi ndi kaphokoso. Yokhala ndi kona imafuna kubwereza kangapo. Ikatuluka, igwireni momwemo uku wina akuthira madzi ozizira, kuti pulasitiki iume ili m'malo mwake. Ntchitoyi imayenda bwino masana dzuwa litatenthetsa kale bampa, komanso denti ikadali yatsopano. Ikakhalitsa miyezi, pulasitiki imazolowera kupindikako.

Amene muli ndi magetsi mungagwiritse ntchito dulaya ya ku saluni kapena heat gun. Dulaya ilibe vuto kwenikweni, koma heat gun imatentha kupitirira pamene pulasitiki imasungunukira. Muitalikitse masentimita 15 mpaka 20, muziiyendetsa osaimitsa malo amodzi, ndipo muzitenthetsera kuseri kusiyana ndi kumene kuli penti. Pamene chala sichingathe kukhalapo ndi pamene pakwana. Mukaona penti akutukuka timatuza, mwapyola. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: lawi la moto lisayandikire bampa. Muuni wa udzu, kandulo, mbaula yoika kunsi kwa galimoto, gasi wowotcherera zitsulo, zonsezi ayi. Pulasitiki imeneyi imayaka n'kumadontha ili moto, ndipo thanki ya petulo ndi mapaipi ake sizili kutali.

Kulumikiza mng'alu

Mng'alu waung'ono umakula tsiku ndi tsiku chifukwa cha kugwedera kwa msewu. Chithandizo choyamba ndi kuboola kabowo kakang'ono kumapeto kwenikweni kwa mng'aluwo, kuti usapitirire. Kusoka ndi waya kapena timalamba tapulasitiki kumathandiza kuti mufike kunyumba bampa isakukwekwereza pansi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Guluu wa m'timachubu ting'onoting'ono uja musataye naye ndalama, pa PP sagwira.

Njira yokhalitsa ndi kuwotcherera, ndipo nzeru yake ndi yomwe ija ya amisiri omata mabeseni ndi zidebe pamsika, amene amatenthetsa kachitsulo n'kusungunulira kachidutswa ka beseni lina pamng'alu. Chotsani bampa, tsukani, gwirizanitsani milomo ya mng'alu bwinobwino, n'kumata tepi kunja kuti isasunthe. Kuseri, palani ndi sandipepa namba 80, kenaka semani kangalande kotsata mng'aluwo. Dulani timizere ta pulasitiki kuchokera ku bampa ina yakutha yokhala ndi zilembo zofanana ndi zanu, chifukwa mapulasitiki osiyana mtundu salumikizana. Ndi chitsulo chowotcherera chimene okonza mawailesi amagwiritsa ntchito, sungunulani kamzereko pamodzi ndi makoma a kangalande kaja, kuti zonse zisakanikirane. Mukangodonthezera pamwamba, chigambacho chidzamatuka. Pofuna kulimbitsa, mizani kachidutswa ka sefa wawaya m'pulasitiki yofewayo, kupingasa mng'alu, n'kuphimba ndi pulasitiki ina. Utsi ukamatuluka wambiri ndiye kuti mukupsereza, ndipo pulasitiki yopserera imakhala yofumbutuka. Chitirani ntchitoyi panja. Mng'alu wotalika kuposa chikhatho, kapena bampa imene makutu ake ambiri omangira athyoka, mupite nayo kwa mmisiri wokhala ndi makina ake.

Penti wokalika

Penti wa galimoto ali ndi magawo atatu. Pansi pali pulaimala, pakati pali mtundu weniweniwo, pamwamba pali kiliya, imene ilibe mtundu koma ndiyo imawalitsa ndi kuteteza ku dzuwa. Magawo onsewa pamodzi ndi opyapyala kwambiri, sapitirira patali gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Choncho funso loyamba ndi lakuti, kukalikako kwafika gawo liti?

Nyowetsani malowo ndi madzi. Mzere ukazimiririka uli wonyowa n'kuonekeranso ukauma, ndiye kuti wangokhudza kiliya. Yendetsaniponso chikhadabo. Chikapanda kukodwa, simufunika penti ayi. Nthawi zambiri chimene chimaoneka ngati chilonda chachikulu chimakhala penti wa njinga, wa geti kapena mphira wa tayala umene wangotsalira pamwamba. Ikani rubbing compound pang'ono pansalu yofewa, pukutani mozungulira, muona zikuchoka. Mzere ukakanirira, viikani sandipepa namba 2000 m'madzi, palani mopepuka kangapo, n'kubwerezanso compound mpaka kuwala kubwerere. Mukaona mtundu wa galimoto ukutsalira pansalu, lekani pomwepo, mwaboola kiliya. Eni ma Probox ndi galimoto zina zokhala ndi bampa zakuda zosapenta, inu ntchito yanu ndi yochepa: dulani timaulusi totukuka ndi lezala, salazani pang'ono, basi.

Chikhadabo chikakodwa, ndipo pansi pakuoneka pulasitiki yakuda kapena yotuwa, pamenepo pafunika kupenta. Musapite kusitolo n'kukangonena kuti mukufuna penti woyera kapena wasiliva. Paja safunsa anadya phula. Galimoto iliyonse ili ndi nambala ya mtundu wake, yolembedwa pakachitsulo kapena pakapepala kamene kali m'kati mwa boneti kapena pamphuthu ya chitseko. Pa Toyota, 040 ndi woyera wamba, 070 ndi woyera wonyezimira uja amati pearl, 1F7 ndi siliva, 202 ndi wakuda. Jambulani nambalayo mupite nayo kwa osakaniza penti, ndipo ngati n'kotheka tengani kachitseko ka pothirira petulo kuti akayerekezere, popeza dzuwa la kuno limasintha penti pakapita zaka. Woyera wamba ndi wakuda savuta kwenikweni. Siliva amavutirapo, chifukwa tinthu tonyezimira ta m'kati mwake timagona mosiyana malinga ndi kapoperedwe. Pearl amapopera magawo owonjezera, ndipo kumufananitsa kumavuta ngakhale amisiri ozolowera. Ameneyo asiyireni iwo.

Ubwino wa penti umachokera pa kukonza malo, ndipo apa ndi pamene ambiri amafulumira. Mukatsuka ndi sopo, pukutani ndi sipiriti pansalu yoyera kuti mafuta ndi polishi zichoke. Petulo kapena thina musapukutire, zimalowerera m'pulasitiki n'kudzatukula penti pambuyo pake. Palani ndi sandipepa namba 180, mukusalaza m'mphepete mwa penti wakale mpaka chala chisamve pamene penti wathera. Palani ndi dzanja, mosathamanga, chifukwa pulasitiki ikatenthedwa ndi kupala imatuluka ubweya. Paliponse pamene pulasitiki yaonekera, poperani mankhwala otchedwa plastic primer kapena adhesion promoter, mopyapyala. Gawo limeneli ndi limene limasiyanitsa penti wokhala zaka ndi penti amene amasendeka mvula yoyamba. Ngati patsala kadzenje, pakani fila yopangidwira pulasitiki, imene imapindika limodzi ndi bampa, ndipo isakhuthale kupitirira mamilimita awiri kapena atatu. Fila ya zitsulo ija ikaunjikidwa pabampa imasweka pa bampu yoyamba. Ikauma, kulungani sandipepa pakathabwa kosalala, palani ndi 180 kenaka 320, mouma, popeza fila imamwa madzi. Poperani pulaimala kawiri kapena katatu, ilekeni iume ndithu, n'kuisalaza ndi 600 wonyowa, kapena 800 ngati penti wanu ndi siliva.

Phimbani nyali, tayala ndi thupi la galimoto ndi manyuzipepala ndi tepi. Pabampa penipenipo musazungulize tepi pafupi ndi chilonda, chifukwa mukadzaichotsa padzatsala chigamba cha makona anayi chooneka patali. Lolani penti watsopano azimiririkire mwa wakale pang'onopang'ono, ndipo ngati pali mzere kapena kona imene bampa inaumbidwa nayo, malizirani pamenepo. Khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri, yesani kaye pakatoni. Chitini chitalikire masentimita 20 mpaka 25. Dzanja liyambe kuyenda musanadinikize, ndipo musiye kudinikiza dzanja lisanaime. Ulendo woyamba ukhale wopepuka moti pulaimala izionekerabe. Dikirani mphindi khumi, bwerezani, dikiraninso, mpaka mtundu utakwana. Penti akayenderera ngati misozi musamupukute, mulekeni aume, mawa mudzapale. Malizani ndi kiliya kawiri, kupitirira pang'ono pamene mtundu wathera. Patsiku loyamba galimoto isanyowe, ndipo polishi adikire mwezi wathunthu.

Nyengo ya kuno kwathu

Malangizo olembedwa pachitini sadziwa za Nkhunga, ndiye apa tigwiritse ntchito maso athu. M'miyezi ya mvula mpweya umakhala ndi chinyontho chambiri, ndipo penti wopopera nthawi imeneyo amatuwa ngati wathiridwa mkaka, osawala. Kuyambira May mpaka August kumawomba mwera, umene umanyamula mchenga ndi fumbi n'kuzimata papenti wosauma. M'nyengo yodula nzimbe, minda ikatenthedwa, phulusa lakuda limagwa patali ndithu. October ndi November dzuwa limatenthetsa bampa moti penti amauma asanayalane, n'kutuluka wokhakhala. Palinso nkhungu, zimene zikatuluka m'nyanja zimatera pa chilichonse chonyowa ndi chowala.

Nthawi yabwino ndi m'mawa wa tsiku louma, mame atatha koma mphepo isanadzuke. Poperani pamthunzi, pamalo otchingidwa mbali imene mphepo ikuchokera koma otseguka kuti mpweya uzidutsa. Wazani madzi pansi kuti fumbi ligone. Yang'anani kunyanja ndi kuminda ya nzimbe musanayambe, mukaona utsi kapena mtambo wa nkhungu, sungani chitini chanu mpaka tsiku lina. Usiku pansi pa babu musayese n'komwe, tizilombo tonse tidzathera pabampa yanu.

Thanzi lanu ndi chilungamo chanu

Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata akupopera galimoto atangomanga kansalu kumphuno, nkhope yonse ili mbuu ndi penti. Penti amene amati 2K, wosakaniza ndi hardener, ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate amene amayambitsa mphumu, ndipo chifuwa chikangoyamba kudana nawo sichibwereranso mwakale. Kansalu kapena masiki ya kuchipatala siziletsa mankhwala amenewa. Pa ntchito ya pakhomo gwiritsani ntchito penti wa m'chitini wosafuna hardener, valani masiki yokhala ndi zosefera za penti, ndipo imani kumene mphepo ikuchokera. Fodya ndi moto zikhale kutali. Zitini zotha musaziponye pamoto, zimaphulika. Thina wotsala musamutaye m'ngalande kapena mumtsinje, chifukwa madzi onse a kuno amathera m'nyanja imene timamwa ndi kudyamo usipa ndi chambo. Botolo la thina lisakhalenso pamene mwana angaliyese chakumwa.

Luso limeneli likhozanso kugwiritsidwa ntchito molakwika. Munthu akhoza kuwongola pulasitiki, kupenta bwino, n'kugulitsa galimoto imene mtanda wake wa m'kati ndi wopindika. Wogulayo adzanyamula ana asukulu ndi amayi opita kumsika, akukhulupirira kuti ali ndi chitetezo chimene palibe. Zimenezo tisachite. Mukakonza kunja, nenani zoona za m'kati. Ndipo amisiri a m'magalaji musaone ngati ndikukulandani makasitomala. Mwini galimoto amene wagwirapo sandipepa ndi amene amamvetsa chifukwa chake ntchito yabwino imatenga masiku awiri, ndipo sakangananso pa mtengo wa pulaimala yoyenera.

Kwa inu achinyamata, galimoto za bampa zapulasitiki zikuchulukirachulukira m'boma lino, koma amene amadziwa kuwotcherera ndi kupenta pulasitiki moyenera ndi ochepa. Amene mungathe, funsani za maphunziro a TEVETA kuti luso lanu likhale ndi pepala. Koma musadikire pepalalo kuti muyambe. Pemphani bampa yakutha ku galaji, imene eni ake akufuna kutaya. Werengani zilembo za kuseri kwake. Ipondeni ilowe m'kati, muiwongole ndi madzi otentha. Iduleni, muilumikize, kenaka muipinde ndi manja muone ngati polumikizapo pagwira. Ipaleni, muipente, muiike padzuwa ndi pamvula mwezi umodzi, mukaone ngati penti akadalipo. Chitani zimenezi mobwerezabwereza pa bampa yopanda mwini, kuti tsiku limene munthu adzakupatseni galimoto imene imadyetsa banja lake, mudzaigwire ndi manja odziwa chochita.